Kusankha mtsamiro kwa odwala mphumu ndi ziwengo

LILONGWE: Anthu ambiri amene amadzuka m'mawa akuyetsemula, mphuno zitatsekeka ndiponso maso akuyabwa amangoti agwidwa ndi chimfine, koma akatswiri a zaumoyo adapeza kalekale kuti kwa ena gwero la vutoli limakhala mtsamiro umene amagonera, womwe ambiri amautchula kuti pilo. Munthu wogona maola 8 pa usiku amatha gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wake mphuno ndi pakamwa zili pa mtsamiro, choncho chilichonse chimene chaunjikana m'menemo amachipuma kwa nthawi yaitali kuposa fumbi la mumsewu kapena la mu ofesi.

Masitolo a ku Old Town, City Centre ndi madera ena a mzinda wa Lilongwe amagulitsa mapilo a mitundu ndi mitengo yosiyanasiyana, ndipo ena mwa mapilowa amalembedwa kuti ndi oyenera anthu a ziwengo. Kafukufuku wa zaka 30 zapitazi akusonyeza kuti kukwera mtengo kwa mtsamiro, ngakhalenso zimene zaikidwa m'kati mwake, sizipereka chitetezo chenicheni kwa wodwala. Chofunika kwambiri ndi kuthithikana kwa nsalu imene yakuta mtsamirowo, kuthekera kouchapa ndi kuuumitsa bwino, komanso kuti wodwalayo akhale akulandira chithandizo choyenera cha kuchipatala.

Nkhaniyi ikukhudza anthu ochuluka. Malinga ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu m'chaka cha 2019, ndipo 455,000 adamwalira nayo, ambiri a iwo m'maiko osauka. Kafukufuku wotchedwa ACACIA, yemwe adachitika pakati pa ana a sukulu pafupifupi 27,000 m'mizinda ya Blantyre, Harare, Durban, Kampala, Kumasi ndi Lagos ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2024, adapeza kuti ambiri mwa ana amene anali ndi zizindikiro zazikulu za mphumu anali asanauzidwepo ndi dokotala kuti ali ndi matendawa. Pa banja la wogwira ntchito m'boma, vutoli limaonekera mu tulo tosakwanira, kujomba ku ntchito, ana kulephera kupita ku sukulu, ndi ndalama zothera ku mankhwala a chimfine omwe sathetsa vuto lenileni.

Kusiyana kwa ziwengo ndi chimfine

Mawu akuti allergy, omwe pa Chichewa timati ziwengo, adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1906 ndi dokotala wa ana wa ku Vienna, Clemens von Pirquet. Ngakhale ambiri amadziwa ziwengo ngati totupa toyabwa ta pakhungu, vuto lomweli limagwiranso mphuno, maso ndi njira za mpweya za m'mapapo. Chimene chimachitika n'chakuti chitetezo cha m'thupi chimayamba kudana ndi chinthu chimene kwa anthu ena n'chosaopsa, monga mungu wa udzu kapena ubweya wa mphaka. Thupi limapanga asilikali a mtundu wotchedwa IgE, ndipo munthu akakumananso ndi chinthucho, asilikaliwa amachititsa thupi kutulutsa histamine ndi zina zomwe zimatupitsa m'mphuno, kuyabwitsa maso ndi kufinya njira za mpweya.

Chimfine wamba chimayamba ndi kachilombo ka vairasi, kawirikawiri chimadza ndi zilonda zapakhosi kapena kutentha thupi pang'ono, ndipo chimatha pakadutsa masiku 7 mpaka 10. Ziwengo za m'mphuno sizitenthetsa thupi. Mamina ake amakhala oyera ngati madzi, kuyetsemula kumabwera kotsatizana, ndipo vutoli limatha milungu kapena miyezi. Ngati zizindikirozi zimakula munthu akangogona, pakati pa usiku, m'mawa podzuka kapena pamene akukuntha zofunda ndi kusesa kuchipinda, pamakhala chifukwa chokwanira chokayikira zogonera.

Tinthata tosaoneka ndi maso

Kwa zaka zambiri madokotala ankadziwa kuti fumbi la m'nyumba limadwalitsa anthu ena, koma chodwalitsacho chidadziwika mu 1964 pamene Reindert Voorhorst ndi Frits Spieksma a ku Leiden m'dziko la Netherlands adasonyeza kuti ndi tinthata ting'onoting'ono tokhala m'fumbi. Tizilomboti ndi ta gulu limodzi ndi akangaude ndi nkhupakupa, tili ndi miyendo 8, ndipo kutalika kwake sikufika gawo limodzi mwa magawo atatu a milimita. Mitundu yodziwika kwambiri ndi Dermatophagoides pteronyssinus ndi Dermatophagoides farinae, pomwe m'maiko otentha mumapezekanso wina wotchedwa Blomia tropicalis.

Tinthatati n'tosiyana ndi nsikidzi. Sitiluma, sitiyamwa magazi, ndipo kupezeka kwake m'nyumba si umboni wa uve. Chakudya chake ndi tizidutswa ta khungu lakufa tomwe timayoyoka pa thupi la munthu aliyense tsiku ndi tsiku. Kanthata kamodzi kamakhala ndi moyo miyezi iwiri kapena itatu, ndipo kakakazi kamaikira mazira makumi angapo pa nthawi imeneyi.

Mu 1981 akatswiri a ku Britain adapeza kuti chimene chimadwalitsa kwambiri ndi zitosi za tinthatati. Kanthata kamodzi kamatulutsa tizitosi pafupifupi 20 pa tsiku, ndipo kalikonse kamakula ma micron 10 mpaka 40. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, ndipo tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi ma micron 70. Popeza tizitosito ndi tolemerako poyerekeza ndi utsi, sitikhalitsa m'mwamba: timauluka zofunda zikagwedezeka, kenako timagwa pakangopita mphindi zochepa. Ichi ndicho chifukwa chake mtsamiro uli wofunika chotere pa nkhaniyi, pakuti munthu akamatembenuka m'tulo amadzutsa fumbili pafupi penipeni ndi mphuno zake.

Nyengo ndi nyumba za mu Lilongwe

Tinthata ta m'fumbi sitimwa madzi. Timayamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo timaswana bwino pamene chinyezicho chili pakati pa 70 ndi 80 peresenti komanso kutentha kuli madigiri 20 mpaka 25. Chinyezi chikakhala pansi pa 50 peresenti kwa nthawi yaitali, timauma ndi kufa.

Mzinda wa Lilongwe, womwe uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,050 pamwamba pa nyanja yamchere, umapereka nyengo zonse ziwirizi. Mu Januwale ndi Febuluwale, mvula ikafika pachimake, chinyezi cha mumpweya chimakhala cha m'ma 80 peresenti, pomwe mu Sepitembala ndi Okutobala chimatsika kufika cha m'ma 50. Choncho tinthata timachuluka m'nyengo ya dzinja, koma zitosi zake zimatsalira mu mtsamiro ndi matiresi kwa miyezi yambiri ngakhale tinthata tambiri titafa. Komanso thukuta ndi mpweya wa munthu wogona zimasunga chinyezi mu mtsamiro ngakhale kunja kuli ng'amba.

Kukhala m'nyumba yapamwamba sikuchotsa vutoli. Nyumba za m'madera monga Area 3, 9, 10, 11, 12 ndi 43 kawirikawiri zimakhala pakati pa mitengo ya mthunzi, zili ndi makatani ochindikala, mipando ya sofa, makapeti ndi matiresi akuluakulu, ndipo mazenera amakhala otseka poopa akuba ndi udzudzu. Zonsezi ndi malo amene tinthata timabisalamo, ochuluka kuposa a m'nyumba ya pansi pa simenti yomwe imakolopedwa tsiku lililonse. Nyumba zambiri za kufupi ndi City Centre zidamangidwa pa nthawi imene likulu la dziko linkasamuka kuchoka ku Zomba, zomwe zidachitika mu 1975, ndipo zina za ku Area 3 ndi zakale kuposa pamenepo. Denga la nyumba yakale likayamba kudontha, siling'i ndi makoma zimachita chuku, chomwenso chimadzutsa mphumu.

Umboni wa kufupi ndi kwathu kuno ukuchokera ku Zimbabwe. Kafukufuku amene adafalitsidwa mu 2003, momwe mudali Pulofesa Elopy Sibanda wa ku Harare, adapeza kuti mwa odwala ziwengo amene adayezedwa, pafupifupi theka ankadana ndi tinthata ta m'fumbi, ndipo motsatira padali mungu wa kapinga ndi mungu wa chimanga. Zinthu zitatu zonsezi n'zodziwika mu Lilongwe, momwe mabwalo a nyumba amadzalidwa kapinga ndipo malo ambiri opanda nyumba amalimidwa chimanga m'dzinja. Phunziro lake n'lakuti si aliyense woyetsemula amene angathandizidwe posintha mtsamiro, koma gulu la amene angathandizidwe ndi lalikulu.

Nthenga kapena poliyesita

Kwa nthawi yaitali odwala mphumu ankalangizidwa kutaya mapilo a nthenga ndi kugula a ulusi wa poliyesita. Malangizowa adayamba kukayikitsa mu 1995, pamene kafukufuku wa pakati pa achinyamata a mu mzinda wa Sheffield ku England adapeza kuti amene ankagonera mapilo a nthenga sankavutika ndi mphumu yaikulu kuposa anzawo, ndipo zotsatira zidaloza mbali inayo. Mu 1996 akatswiri a ku Wellington m'dziko la New Zealand adayeza fumbi la m'mapilo ndipo adapeza kuti a poliyesita adali ndi zitosi za tinthata zochuluka kangapo kuposa a nthenga. Atabwereza mu 1999 pogwiritsa ntchito mapilo atsopano omwe adagoneredwa kwa miyezi 12, zotsatira sizidasinthe.

Chinsinsi chidapezeka pa nsalu. Opanga mapilo a nthenga amakakamizika kugwiritsa ntchito nsalu yolukidwa mothithikana kuti nthenga zisamatuluke, ndipo nsalu yomweyo imatchinga tinthata kuti tisalowe. Mapilo otchipa a poliyesita amakutidwa ndi nsalu ya mipata ikuluikulu yomwe tinthata timadutsa mosavuta, ndipo m'kati timapeza malo otakasuka oswanirana. Anthu odana ndi nthenga zenizenizo alipo, makamaka oweta mbalame, koma ndi ochepa poyerekeza ndi odana ndi tinthata.

Akatswiri a pa yunivesite ya Manchester adaonjezera mfundo ina mu 2005 atayeza mapilo 10 omwe adagwiritsidwa ntchito kwa chaka chimodzi ndi theka mpaka zaka 20. Mtsamiro uliwonse udapezeka ndi mitundu ya chuku 4 mpaka 16, ndipo a poliyesita ndiwo adali ndi mitundu yambiri. Mtundu umene udapezeka kwambiri ndi Aspergillus fumigatus, womwe umatha kuvutitsa odwala mphumu, anthu a chitetezo chotsika cha m'thupi, ndi amene mapapo awo adatsala ndi zipsera atachira chifuwa chachikulu cha TB.

Zimene zikupezeka pa msika

Mtsamiro wa poliyesita ndiwo wofala kwambiri m'masitolo. Ubwino wake n'ngwakuti umachapika ndipo suchedwa kuuma, koma uyenera kuvekedwa chikuto chothithikana ndiponso kusinthidwa pakatha chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa ulusi wake umaundana.

Mtsamiro wa nthenga wopangidwa ku fakitale umakhala ndi nthenga zochapidwa bwino ndi nsalu yolimba, ndipo umakhalitsa. Vuto lake ndi lakuti umachedwa kuuma, ndipo ukasungidwa usanaumitsitse umanunkha ndi kuchita chuku. Mtsamiro wa nthenga za nkhuku kapena bakha wosokedwa pakhomo sulowa m'gulu limeneli, pakuti nthenga zake sizidatsukidwe mokwanira.

Mtsamiro wa siponji yolemera yotchedwa memory foam, ndi wa labala, ndi yokwera mtengo ndipo ogulitsa amakonda kunena kuti tinthata sitikhalamo. N'zoona kuti tinthata sitilowa mosavuta m'kati mwa siponji yogwirana, koma timakhalabe pamwamba pake ndi pa nsalu yake. Siponji yotere siichapidwa poiviika m'madzi, choncho chikuto chochotseka n'chofunika. Ikakhala yatsopano imatulutsa fungo lomwe limatsamwitsa odwala ena, ndipo ndi bwino kuisiya pa malo opita mphepo kwa masiku angapo isanayambe kugwiritsidwa ntchito. Munthu amene khungu lake limatupa akavala magolovesi a labala apewe mtsamiro wa labala.

Mapilo odzazidwa ndi zidutswa za siponji, thonje, usufu kapena nsanza za kwa telala, omwe amagulitsidwa m'misika ya ku Old Town, ndi otsika mtengo koma amasunga fumbi ndi chinyezi, ndipo akachapidwa m'kati mwake simuuma msanga. Mtsamiro wa pa kaunjika ndi wosayenera konse kwa wodwala mphumu, chifukwa wogula sangadziwe zaka zimene wagwira ntchito, ngati unkagoneredwa ndi mphaka kapena galu, kapenanso ngati wabisa nsikidzi.

Mawu akuti hypoallergenic kapena anti-allergy olembedwa pa pepala la mtsamiro asatengedwe ngati umboni. Opanga osiyanasiyana amawagwiritsa ntchito potanthauza zinthu zosiyana, ndipo kawirikawiri amangotanthauza kuti mulibe nthenga. Wogula awerenge mtundu wa nsalu, kukula kwa timipata take ngati kwalembedwa, ndi kutentha kwa madzi amene mtsamirowo ungapirire pochapa. Amene akuona kuti adanamizidwa pa katundu angathe kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, lomwe limalandira madandaulo a ogula.

Msinkhu wa mtsamiro nawo uganiziridwe kuti khosi lisapweteke. Wogona chammbali amafuna wokwera wodzaza mpata wa pakati pa phewa ndi khutu, wogona chagada amafuna wapakatikati, pomwe wogona chafufumimba amafuna wopyapyala.

Chikuto ndicho chitetezo

Pilokesi wamba siitchinga zitosi za tinthata. Chimene chimatchinga ndi chikuto chapadera chokhala ndi zipi, chomwe chimakuta mtsamiro wonse, kenako pilokesi n'kuvekedwa pamwamba pake. Kuyeza kwa akatswiri kudasonyeza kuti nsalu ya timipata tochepera ma micron 10 imatchinga zitosi za tinthata, ndipo ya timipata tochepera ma micron 6 imatchinganso fumbi lochokera kwa mphaka, kwinaku ikulola mpweya kudutsa. Zikuto za nsalu yolukidwa zimakhalitsa ndipo zimachapika kuposa zofanana ndi pepala, zomwe ulusi wake umangomatidwa.

Pamene chikuto choyezedwa sichikupezeka, telala angathe kusoka chikuto cha zipi kuchokera ku nsalu yothithikana kwambiri, monga yomwe amapangira mapilo a nthenga. Njira yachidule yoyesera nsalu ndi kuiyang'anitsa ku dzuwa: ngati timabowo tikuoneka ndi maso, nsaluyo ndi yosayenera. Chikuto chotere sichingafanane ndi choyezedwa ku fakitale, komabe chimaposa pilokesi yokha, ndipo msoko wake uyenera kupindidwa kawiri. Pulasitiki amatchinga zonse, koma amachititsa thukuta ndi phokoso, ndipo ndi woopsa kwa ana aang'ono chifukwa angathe kuwatseka mpweya.

Mfundo yofunika kuikumbukira ndi yakuti matiresi amasunga tinthata tambiri kuposa mtsamiro. Kukuta mtsamiro wokha pamene matiresi, mabulangete ndi mapilo ena a pa bedi lomwelo ali osatetezedwa kumachepetsa phindu la ntchito yonse.

Kachapidwe ndi kayanikidwe

Kafukufuku wa ku Sydney m'dziko la Australia adasonyeza mu 1992 kuti madzi otentha madigiri 55 kapena kuposerapo amapha tinthata tonse, pomwe madzi ozizira amachotsa zitosi zoposa 90 peresenti koma tinthata tambiri timatsala tamoyo. Pa chifukwa ichi mapilokesi ndi nsalu zoyala pa bedi ziyenera kuchapidwa sabata iliyonse m'madzi a madigiri 60. Amene ali ndi makina ochapira angosankha mlingo umenewu. Amene amachapa pamanja angasakanize magawo atatu a madzi owira ndi magawo awiri a madzi a pa mpopi, n'kuviika nsaluzo kwa mphindi 15 kapena kuposerapo asanayambe kuchapa. Madzi otere amawotcha khungu m'kanthawi kochepa, choncho nsalu zitembenuzidwe ndi mtengo, ana asayandikire, ndipo wantchito wa m'nyumba afotokozeredwe bwino za ngoziyi.

Ngakhale magetsi kapena makala atavuta, kuchapa m'madzi ozizira sabata iliyonse kuli ndi phindu lalikulu kuposa kudikira mwezi wathunthu. Mtsamiro weniweniwo, ngati ndi wochapika, uchapidwe pakatha miyezi itatu kapena inayi, pa tsiku la dzuwa lamphamvu. Miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala ndiyo yabwino kuchapa mapilo ndi mabulangete, chifukwa zimauma tsiku lomwelo. Mtsamiro wochapidwa mu Febuluwale n'kulowetsedwa m'nyumba uli wonyowa m'kati umasanduka munda wa chuku.

Dzuwa ndi chida chaulere. Akatswiri a ku Sydney omwewo adapeza mu 1994 kuti kuyanika makapeti pa dzuwa lamphamvu kwa maola angapo kumapha tinthata. Mtsamiro ndi wochindikala, choncho uyenera kutembenuzidwa ndi kukhala padzuwa nthawi yaitali. Dzuwa silichotsa zitosi, ndiye mtsamiro ukunthidwe panja ndi munthu amene alibe ziwengo. Timapilo ta ana ndi zidole zansalu zingaikidwe m'thumba la pulasitiki ndi kusungidwa mu firiza kwa maola 24 kapena kuposerapo, kenako n'kuchapidwa.

Zochapa ziyanikidwe pa chingwe, padzuwa, osati pa kapinga kapena pansi. M'nyengo ya mvula kuli ntchentche ina yomwe imaikira mazira pa dothi ndi pa nsalu zonyowa za pamthunzi, ndipo mphutsi zake zimalowa pakhungu n'kuyambitsa zotupa zonga zithupsa. Kusita mapilokesi ndi nsalu zogonera mbali zonse ziwiri kumapha mazirawa. Kwa amene amadana ndi mungu, kuyanika pa udzu kumabweretsanso mungu wa kapinga pa bedi.

Mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu asathiridwe pa mtsamiro, chifukwa safika kumene tinthata tabisala ndipo fungo lake limadzutsa mphumu. Neti yoteteza ku udzudzu isachotsedwe poopa fumbi, pakuti malungo ndi oopsa kwambiri. Iyo ili ndi kachapidwe kake: madzi ozizira, sopo wamba, ndi kuyanika pamthunzi kuti mankhwala ake asathe mphamvu.

Malire a njira zimenezi

Ndi bwino kuti wogula adziwe pamene phindu la mtsamiro ndi chikuto limathera. Mu 2003 kafukufuku wa ku Britain wa akuluakulu 1,122 odwala mphumu adapeza kuti kugwiritsa ntchito zikuto popanda kuchita china chilichonse sikudasinthe matenda awo. Chaka chomwecho kafukufuku wa ku Netherlands wa odwala ziwengo za m'mphuno adapeza kuti zikuto zidachepetsa zitosi za tinthata pa matiresi, koma odwalawo sadapeze kusintha koonekera.

Zotsatira zolimbikitsa zidapezeka pa ana. Mu 2017 akatswiri a ku Manchester adafalitsa zotsatira za ana 284 omwe adayezedwa n'kupezeka kuti amadana ndi tinthata ndipo adali atathamangirapo nawo ku chipatala chifukwa cha kubanika. Pakutha pa chaka, ana 29 mwa 100 alionse amene adagonera zikuto zenizeni adabwereranso ku chipatala atabanika, poyerekeza ndi pafupifupi 42 mwa 100 alionse amene adapatsidwa zikuto wamba. Ku America, kafukufuku wa ana 937 a m'mizinda yemwe adatuluka mu 2004 adasonyeza kuti masiku odwala amachepa pamene zikuto zaphatikizidwa ndi kuthana ndi mphemvu, chuku, utsi wa fodya ndi ziweto zogona m'nyumba.

Zimene zikuphunziridwa apa ndi ziwiri. Choyamba, njirazi zimathandiza munthu amene amadanadi ndi tinthata, ndiye ndi bwino kufunsa dokotala za kuyezetsa pakhungu kapena magazi musanawononge ndalama zambiri. Chachiwiri, mtsamiro ndi gawo limodzi chabe la chipinda. Kapeti ya kuchipinda, mphaka wogona pa bedi, utsi wa mbaula, mankhwala ofukiza a udzudzu, ndi utsi wa zinyalala ndi udzu zimene zimatenthedwa m'chilimwe zingathe kufafaniza phindu lonse. Kutsekula mazenera masana, kufunyulula zofunda m'mawa kuti bedi lipitidwe mphepo, ndi kupukuta fumbi ndi kansalu konyowa ndi zinthu zosafuna ndalama.

Makanda osakwana chaka chimodzi asagonekedwe pa mtsamiro wa mtundu uliwonse, chifukwa ungathe kuwatseka mphuno ndi pakamwa ali m'tulo.

Kwa ogula katundu wa boma ndi oyenda pa ntchito

Maofesala amene amakonza ndondomeko zogulira zogonera za m'sukulu zogonera komweko, m'makoleji, m'zipatala ndi m'nyumba za alendo ali ndi mwayi woteteza anthu ambiri nthawi imodzi. Pepala loitanira ogulitsa likangotchula chiwerengero cha mapilo, wogulitsa amabweretsa otchipa kwambiri. Likatchula mtundu wa nsalu, kuti chikuto chikhale chochotseka, kuti katunduyo apirire madzi a madigiri 60, ndiponso kuti mtsamiro uliwonse ukhale ndi mapilokesi awiri osinthanitsa, katundu wogulidwayo amakhalitsa ndipo amasamalika. M'zipatala mumafunika zikuto zosalowa madzi zomwe zingapukutidwe ndi mankhwala wodwala wina asanagonepo.

Ogwira ntchito m'boma amene amapita ku misonkhano ku Salima, Mangochi ndi madera ena a m'mphepete mwa nyanja, komwe kumatentha kuposa ku Lilongwe, angachite bwino kunyamula chikuto ndi pilokesi zawo. Zinthu ziwirizi sizitenga malo m'chikwama, ndipo zimawateteza ku mtsamiro umene wagoneredwa ndi alendo ambiri.

Nthawi yopita ku chipatala

Mtsamiro wabwino sulowa m'malo mwa mankhwala. Kuyambira mu 2019, bungwe la Global Initiative for Asthma lidasiya kulimbikitsa kuti achinyamata ndi akuluakulu azidalira mankhwala opumira a salbutamol okha, ndipo limalangiza kuti alandirenso mankhwala opumira ochepetsa kutupa kwa njira za mpweya. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa ana 120 pa chipatala cha Queen Elizabeth Central mu Blantyre, yemwe adafalitsidwa mu 2021, adasonyeza kuti ana amene adaunikidwa bwino, kupatsidwa mankhwala opumira oyenera ndi kuphunzitsidwa kagwiritsidwe kake adapeza bwino ndipo kujomba kwawo ku sukulu kudachepa.

Pa ziwengo za m'mphuno, mapiritsi a chlorpheniramine amagonetsa, choncho oyendetsa galimoto asamale nawo ndipo afunse za ena osagonetsa kwambiri monga cetirizine. Mankhwala odonthezera m'mphuno otsekula mphuno mwamsanga asagwiritsidwe ntchito kupitirira sabata imodzi, chifukwa akapitirira amatsekanso mphuno kuposa poyamba.

Munthu amene wakhosomola kupitirira masabata awiri, akuonda, akutentha thupi kapena akutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa mtsamiro asathamangire kugula zogonera zatsopano, koma akayezetse chifuwa chachikulu cha TB. Wodwala amene akulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha kubanika, amene milomo yake yasintha mtundu, kapena amene mankhwala opumira sakumuthandiza, apititsidwe ku chipatala nthawi yomweyo. Mu Lilongwe, chithandizo choyamba chimapezeka pa chipatala cha Bwaila ku Old Town ndi zipatala zazing'ono za Area 18, Area 25 ndi Kawale, pomwe chipatala cha Kamuzu Central chimalandira odwala otumizidwa kuchokera ku zipatala zimenezi.